Dothi lomata kwambiri silabwino kuumbira zidina, onani umboni wake

Moni nonse, mwaswera bwanji? Taonani zidina ziwirizi. Ichi chang'aluka ngati zikang'a za mwezi wa Okutobala, chinachi chili gwa. Chikombole chimodzi, woumba yemweyo, tsiku lomwelo. Chasiyana ndi dothi basi. Musachoke, chifukwa bodza limene lagwetsa nyumba zambiri ndiliphwanya pompano.

Choyamba, mwachangu: dothi lapamwamba, lakuda, lonunkhira manyowa, lisiyireni chimanga. Kumbani mpaka mizu ithe ndipo mtundu usinthe. Tapita.

Chachiwiri, botolo. Thirani dothi mpaka theka, dzazani madzi, kamchere pang'ono, khutchumulani bwinobwino, khazikani pansi. Mchenga umakhazikika m'mphindi imodzi, matope osalala amatsatira, dongo limatha tsiku kapena kuposa. Mukaona dongo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu, muli pabwino.

Tsopano chachitatu, ndipo apa ndikhalitsa, mundipirire. Ndatopa nawo mawu akuti "dothi likamamata kwambiri ndiye lolimba". Ayi! Munthu amapita kudambo, mwendo n'kutitimira, nsapato n'kutsala komweko, ndiye akuti wapeza chuma. Bambo anga, mwapeza makande. Pitani ku Chikwawa kapena kuchigwa cha Phalombe m'chilimwe mukaone mmene nthaka imayasamira, mpaka dzanja kulowa. Ndiye chimene chimachitika m'munda mukuganiza kuti pakhoma chidzachita manyazi?

Nkhani yake ili chonchi. Dongo la makande limamwa madzi n'kufufuma, likauma limanyala. Chidina chimayamba kuuma kunja m'kati mukadali monyowa, kunjako kukukoka, m'katimo mukukana, basi n'kung'ambika. Mvula ikawaza khoma, lifufumanso. Chaka ndi chaka. Dongo ntchito yake ndi yofanana ndi ya simenti mu konkire: kumata. Mafupa a khoma ndi mchenga. Kodi alipo amene anamangapo nyumba ndi simenti yokhayokha? Lembani m'munsimu, ndikufuna ndimudziwe.

Wina anena kuti, nanga agogo amaumba miphika ndi mtapo womata bwanji? Eya, koma mphika ndi wopyapyala, amauumitsa pamthunzi pang'onopang'ono, kenako amauwotcha. Chidina chanu ndi chochindikala, ndipo moto sichiuona. Katondo, dothi lofiira lija lodzaza m'zigwa za Lilongwe ndi Kasungu, silifufuma ngati makande, n'chifukwa chake amisiri amalikonda. Koma nalonso liyeseni, kufiira si chiphaso. La pachulu chimodzimodzi, nthawi zambiri limafuna mchenga.

Ngati mwafika pano, dinani layiki ndi kabelu kaja. Ambiri a inu mumangoonera osasabusikiraiba, ndimakuonani.

Chachinayi... kapena tili pachisanu? Kaya. Nyowetsani dothi, pangani chingwe chonenepa ngati chala chachikulu, muzichikankhira kunja kwa chikhatho. Chikaduka chisanafike masentimita 5, mchenga wachuluka. Chikapitirira 15, dongo lachuluka, onjezani mchenga. Koma woweruza weniweni ndi chidina: umbani zitatu, china dothi lokha, china ndowa imodzi ya mchenga pa ziwiri za dothi, china theka ndi theka. Zikauma, zigwetseni kuchokera m'chiuno. Chopulumuka ndicho muyezo wanu.

Kolipeza? Yambirani pamalo panu pomwepo: dzenje la chimbudzi, ngalande za maziko. Ndalama ya ngolo kapena lole yatsala m'thumba. Ngati mukukakumba kwina, pitani kaye kwa eni malo ndi kwa amfumu, musadzatengere milandu pa dothi. M'mphepete mwa mtsinje musayerekeze. Ndipo nkhuti zija mukamaliza kwirirani, chonde. Dzinja likafika zimasanduka maiwe, udzudzu umaswana, ndipo ana amagweramo.

Paja mu 2018 kudabwera malamulo a NCIC, bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, ndiye luso lodziwa dothili likufunidwa ngakhale ndi opanga mabuloko osakaniza ndi simenti pang'ono. Sabata yamawa tikupondereza khoma la mdindo ndi katondo yemweyu. Tumizani zithunzi za mabotolo anu, atatu ndiwawerenga pavidiyo imeneyo.