Leo Mazzone: sanaponyepo mu MLB, koma akatswiri ankamumvera

Muli bwanji anzanga? Tangoganizani bambo ali pa benchi. Akugwedezeka, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo, ngati mayi wotonthoza mwana. Masewero onse ankatha ali choncho. Ameneyu ndi Leo Mazzone, yemwe anali kochi wa baseball ku America, ndipo lero ndikufuna ndimugwiritse ntchito kuphwanya bodza lina lomwe limanditopetsa, loti kochi wabwino ayenera kukhala atasewerapo pamwamba. 

Choyamba, mwachangu, poti ambiri kuno ndinu a mpira wamiyendo. Mu baseball muli woponya mpira, amati pitcher. Amaima pa kachulu, mamita 18 ndi pang'ono kuchokera kwa womenya. Womenyayo akalephera katatu, watuluka. Pansi pa ligi yaikulu ya MLB pali maligi ang'onoang'ono, komwe anyamata amayenda usiku wonse pa basi, malipiro ake ochepa. Basi, zakwanira.

Chachiwiri, munthuyo. Anabadwa mu 1948 ku Keyser, West Virginia. Ankaponya ndi dzanja lamanzere. Kuyambira 1967 anatha zaka pafupifupi 10 m'maligi ang'onoang'onowo, pansi pa San Francisco Giants kenako Oakland. Ku MLB sanafikeko. Ngakhale mpira umodzi.

Chachitatu, ndipo apa ndikhalitsapo. Pali anthu, ena mwa inu ndimakuonani m'makomenti, omwe amati kochi amene sanasewerepo pamwamba alibe chouza osewera. "Iyeyo anawina chiyani?" Abale, tamverani. Mu 1979 Mazzone analowa ku Atlanta Braves kukaphunzitsa achinyamata, ndipo kumeneko anakumana ndi mkulu wina, Johnny Sain, yemwe anali ataphunzitsapo oponya ku Yankees, Twins, Tigers ndi White Sox. Mazzone anakhala pamapazi pake n'kumamvetsera. Mu 1990 Bobby Cox atakhala kochi wamkulu wa timu yaikulu ya Braves, Mazzone anakhala kochi wa oponya. Kuyambira 1991 mpaka 2005 Braves inatsogola gulu lake maulendo 14 motsatizana, kupatula 1994 pomwe osewera ananyanyala ntchito. Mu 1995 inatenga World Series, chikho chachikulu cha MLB. Mphotho ya Cy Young, ya woponya wopambana onse mu ligi, inabwera ka 6: Greg Maddux katatu, Tom Glavine kawiri, John Smoltz kamodzi.

Ndikudziwa zomwe mukulemba pano. "Aaa, ndi Maddux ngakhale agogo anga akanawina." Chabwino. Nanga Jaret Wright? Anafika ku Atlanta matimu ena atamutaya, phewa litamuzunza zaka zingapo. Mu 2004 anapambana masewero 15, n'kugonja 8, mpaka Yankees inamutenga. Nanga John Burkett, yemwe anthu ankati watha, koma mu 2001, ali ku Braves, anasankhidwa kukasewera All-Star, masewero a akatswiri osankhika a mu ligi? Agogo anu akanatha zimenezo?

Ndiye ankatani kwenikweni? Matimu ambiri ankati mkono uzipuma, woponya aziyeserera kamodzi pakati pa masewero ake. Mazzone ankati kawiri. Koma osati ndi mphamvu zonse ayi, kuponya mofewa, kuti dzanja lizolowere komwe mpira ukupita. Ndipo ankalimbikira malo amodzi: pansi, kutali ndi womenya. Pansi, kutali. Tsiku ndi tsiku nyimbo yomweyo. Ine ndimaona kuti munthu amene mkono wake sunali wodabwitsa amakakamizika kuganiza za kanthu kalikonse, pomwe katswiri wobadwa nazo nthawi zina satha n'kufotokoza komwe mmene amachitira. A mpira wamiyendo, José Mourinho anasewera timu yaikulu iti? Ndikudikira yankho pansipa.



Chachinayi, kuti musanene kuti ndikubisa. Mu 2006 anapita ku Baltimore Orioles kukagwira ntchito ndi mnzake wa paubwana, Sam Perlozzo, yemwe anali kochi wamkulu wa timuyo. Sizinayende. Mipira ya oponya ake inkangomenyedwa, Perlozzo anachotsedwa pakati pa 2007, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho Mazzone naye anamulozera msewu, kontrakiti isanathe.

Tsono inu mukuti bwanji, anali Mazzone kapena anali Maddux? Lembani m'makomenti, koma mukanena Maddux mundiyankhenso za Jaret Wright.