Musiyeko malo, adzakuliramo

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye? Ife kuno ku Chinamwali tadzuka bwino, kungoti kuzizira kwa June kwatigwira zolimba. Chifunga chaphimba phiri lonse la Zomba, moti mlendo wofika lero sangakhulupirire kuti kuseri kwa nyumbazi kuli phiri. Mawu a m'mawa uno ali pa 1 Samueli 2:18-19, pamene timamva kuti Samueli ankatumikira pamaso pa Yehova akadali mwana, ndipo amayi ake ankamusokera kamwinjiro chaka ndi chaka, n'kumakamupatsa akamapita ndi amuna awo kukapereka nsembe ku Silo.

Ndime imeneyi ndakhala ndikungoidutsa zaka zonsezi. Chandiimitsa pamenepa ndi kabudula.

Usiku wapitawu ana atagona, ndinatenga lezala n'kukhala pafupi ndi nyali kumasula mpendero wa kabudula wa sukulu wa mwana wathu wachisamba. Kabudulayo tinasoketsa mu September, pamene mwanayu amakayamba Sitandade 1. Tinali pakhonde la telala wina kumsika, mwana ataima njo ngati msilikali wa ku Cobbe Barracks, telala akumuzunguliza tepi m'chiuno. Ine ndinanena zimene amayi tonse timanena: "Bambo, musiyeko malo, adzakuliramo." Telala anaseka, amvekere, "Mayi, musade nkhawa, ndipinda zokwanira." Anapinda m'munsimo zala zinayi zathunthu, komabe tsiku loyamba la sukulu mawondo sankaoneka. M'chiuno namo munali mokhwepa, mpaka bambo ake anachita kuboola lamba bowo lina ndi msomali.

Nditamasula ulusi uja, nsalu imene inabisika mkati inatuluka ikadali ndi mtundu wake wa kusitolo, pamene yakunja yasuluka kale ndi sopo ndi dzuwa. Pakati pake pali mzere wooneka bwino lomwe. Ndinauyang'ana mzerewo kwa nthawi ndithu, lezala ili m'manja. Zala zinayi zimenezi mwanayu watalika nazo liti? Womusambitsa ndine, womudzoza mafuta ndine, tsiku lililonse ndimamuona. Koma tsiku limene anatalika sindingalitchule.

Ali wakhanda ndinkadziona ngati ndikudziwa. Mwezi ndi mwezi tinkapita ku sikelo, alangizi a zaumoyo n'kumupachika pa sikelo yolendewera ija iye akulira ngati wabayidwa, kenako n'kulemba kadontho m'kabuku kake. Kadontho kakakwera ndinkabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Mwezi wina, atangokwanitsa miyezi 6 n'kuyamba phala, kadontho kanangoima pomwe kanali, ndipo ine tulo sindinatione. Ndinathira nsinjiro m'phalamo, ndinathira dzira, ndinathira ndi mapemphero omwe. Mwezi wotsatira kanakwera. Komabe chimene ndinaona ndi inki ya bolopeni basi. Ambuye Yesu anazinena bwino pa Marko 4:26-28, za munthu wofesa mbewu amene amagona ndi kudzuka, usiku ndi usana, mbewu n'kumera ndi kukula iye osadziwa mmene zikuchitikira. Kumayamba mmera, kenako ngala, kenako maso okhwima m'ngalamo. Mlimi amalima, amapalira, amathira feteleza, koma palibe mlimi amene anakokapo phesi kuti litalike.

Tsono ndikuuzeni zimene ndinachita Lachitatu lapitali, chifukwa mwina sindili ndekha.

Ndinadzuka mochedwa. Makala anali otsiriza m'thumba, ndipo nonse mukudziwa mmene thumba la makala likukhalira masiku ano. Ndinakoleza mbaula movutikira, makala ake onyowa ndi chinyezi, kukupiza ndi chivindikiro cha poto mpaka mkono kuwawa. Moto utagwira ndinatereka madzi a phala n'kulowa m'nyumba kukatenga ufa. Ndili mkatimo ndinangomva chiphokoso cha madzi, kenako kufuka. Potuluka ndinapeza mbaula yazima, phulusa lili mbee pakhonde ponse, beseni lili chafufumimba, ndipo mnyamata wanga ali chilili, malaya atanyowa mpaka pamimba. Anatunga madzi m'ndowa kuti akasukusule mlongo wake wa zaka zitatu, monga amandionera ine ndikuchita, ndiye beseni linamulemera.

Sindinafunse kuti wapsa kapena ayi. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndi zoona. Ndinayamba ndi makala. Ndinakalipa mpaka aneba anasuzumira pampanda, ndipo pomaliza ndinati, "Kodi iwe udzakula liti?"

Mwanayo anaganiza kuti ndi funso lenileni. Anayang'ana pansi, akunjenjemera ndi kuzizira, n'kuyankha motsitsa mawu: "Ndikadzalowa Sitandade 2, amayi."

Bambo ake, amene anali kuseri kwa chitseko akumanga nsapato, anachita kubwerera m'chipinda kukasekera komweko. Ine sindinaseke nthawi imeneyo. Madzulo ndinaimbira foni anganga awo a anawa ku Thondwe kuti ndidandaule, poganiza kuti andimvera chisoni. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Nanga iwe unandizimitsira moto kangati?" Anandikumbutsanso za chaka cha 1994, pulayimale itangokhala yaulere, pamene ndinapita kukalembetsa nditavala diresi la achemwali anga lofika m'mapazi. Akuti aphunzitsi anandiuza kuti ndidutsitse dzanja pamwamba pa mutu ndigwire khutu la mbali inayo, ine n'kupendeketsa mutu mwakabisira kuti zala zifike. "Unkafuna kukula msanga ngati mwana wakoyo," anatero. "Ndiye ukumukalipira chiyani?"

Usiku wapitawu, mzere uja uli pamiyendo panga, ndi pamene ndinamvetsa. Palibe mayi amene amakalipira mwana chifukwa kabudula wamukulira. Timadziwa kuti nsaluyo ndi yake ndithu, koma nthawi yake sinakwane, ndiye timaipinda bwinobwino, n'kuisokerera mkati, n'kudikira. Pa zovala tonse ndife odekha. Koma pa nzeru ndi khalidwe, ine ndinatenga za munthu wa zaka 12 n'kumuveka mwana wa zaka 6, ndiye n'kumakwiya kuti sizikumukwana. Mtima wofuna kuthandiza unalipo kale. Chimene chinali chisanafike ndi mphamvu za m'mikono ndi nzeru yodziwa kuti beseni la madzi sadutsa nalo pafupi ndi mbaula. Zimenezo zikadali mkati mwa mpendero.

Taganizirani za Hana, amayi ake a Samueli aja. Mwana uja anamupempha ndi misozi, mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera. Atangomuletsa kuyamwa anakamusiya ku Silo monga analonjezera, iye n'kubwerera kwawo ku Rama. Kuyambira pamenepo ankamuona pa ulendo wa chaka ndi chaka uja. Tsono kamwinjiro kaja ankakasoka bwanji? Analibe mwana pafupi woti amuimike n'kumuyeza. Panalibenso makina a telala, zonse zinali za pamanja. Baibulo silitiuza, koma ine monga mayi ndimamuona akuyang'anitsitsa ana a anzake a msinkhu wa Samueli, akuyerekeza ndi maso, kenako n'kuwonjezera pang'ono m'litali ndi m'mikono. Ankasokera mwana amene adzakhalepo pofika tsiku la nsembe, osati amene anamusiya chaka chatha. Ulusi uliwonse unkanena kuti Mulungu akumukulitsa ngakhale ine sindikuona.

Ndipo musaganize kuti ku Silo kunali kwabwino chifukwa kunali nyumba ya Yehova. Chaputala chomwechi chikutiuza za ana a Eli, Hofeni ndi Pinehasi, amene ankalanda nyama ya nsembe ndi chingowe cha mano atatu, ndi kuchita zonyansa zimene anthu onse ankazikamba. Mwana wa Hana ankakulira pakati pa anthu amenewo. Ife timadandaula za anzawo amene ana athu amasewera nawo, za zimene amaonera pa mafoni a kwa aneba, za mawu amene amabwera nawo kuchokera kusukulu, ndipo kudandaulako n'koyenera. Hana naye anali ndi chifukwa chokwanira chosagona tulo. Akuluakulu anati mwana sakulira nakubala, ndipo iye mwambiwu anaukhala ndithu. Chimene chinatsala m'manja mwake ndi singano, pemphero, ndi ulendo wa chaka ndi chaka. Anachita zimenezo mosadumphitsa, ndipo vesi 26 likuti mwanayo Samueli anakulabe, nakondedwa ndi Yehova ndi anthu omwe.

Pali vesi lina limene limandikhazika mtima pansi kuposa onse, 1 Samueli 3:7. Likuti nthawi imeneyo Samueli anali asanamudziwe Yehova. Mwana wogona m'kachisi, wovala efodi (chovala cha ansembe), woperekedwa kwa Mulungu asanabadwe n'komwe, koma mawu a Mulungu sankawazindikira. Yehova anamuitana, iye n'kuthamangira kwa Eli. Anamuitananso, n'kuthamangiranso kwa Eli. Kachitatu, chimodzimodzi. Ndikadakhala ine, pofika kachitatu ndikadakweza mawu kuti kodi makutu ako ali kuti. Koma Yehova anangobwera n'kuima pomwepo, n'kuitananso dzina lomwelo monga poyamba paja, mpaka mwanayo anayankha. Mneneri amene anadzadzoza Sauli ndi Davide anayamba ndi kulakwitsa katatu usiku umodzi, ndipo palibe pamene tikumva kuti Mulungu anamudzudzula.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti kuwongola mtengo m'poyamba. N'zoona, ndipo inenso sindifuna kulera mwana wosamva. Koma mwambi umenewu ena taugwiritsa ntchito ngati chilolezo chotulutsira ukali wathu wa zinthu zina: ndalama zimene sizikukwana, bwana amene watinyoza kuntchito, tulo timene sitinagone. Lachitatu lija sindinkawongola mtengo uliwonse. Ndinkalira makala. Amene anadzalapo mtengo amadziwa kuti kamtengo kanthete amakamangirira ku kandodo ndi luzi lofewa, ukakakoka mwamphamvu kamathyoka. N'chifukwa chake Paulo pa Akolose 3:21 anachenjeza atate kuti asapute ana awo, angataye mtima. Mwana amene wakalipiridwa pa kuthandiza amaphunzira msanga kuti kungokhala osagwira kanthu ndiye kopanda mlandu, ndiye tidzadabwa akadzafika zaka 15 osafuna kutola ngakhale tsache.

Komanso mpendero suli woti ukhale mpaka kalekale. Alipo makolo amene saumasula, mwana wa Sitandade 6 akumuchapirabe masokosi, akumuyankhira funso lililonse. Nazonso ndi kuvulaza mwana. Loweruka ndinamupatsa mnyamata wanga kabeseni kakang'ono, ndinamusonyeza mbali yodutsira kutali ndi moto, ndipo anamusukusula mlongo wakeyo, ngakhale madzi ambiri anathera m'khosi.

Lachitatu lomwelo madzulo ndinamuitana n'kumukhazika pamiyendo. Kupepesa kwa mwana wako wobereka wekha n'kovuta, pakamwa pamalemera. Ndinati, "Mwanawe, m'mawa muja ndinalakwa. Umafuna kundithandiza, ine ndinakukalipira. Undikhululukire." Anandiyang'ana modabwa, kenako anafunsa ngati mawa kudzakhale phala la nsinjiro. Nkhani inathera pomwepo kwa iye. Amene anaisunga sabata yathunthu ndine.

Masalimo 103:13-14 akuti monga atate achitira ana awo chifundo, Yehova amachitira chifundo iwo akumuopa, pakuti amadziwa mapangidwe athu, amakumbukira kuti ndife fumbi. Ine ndili ndi zaka zambiri mu mpingo, ndimavala yunifolomu ya amayi Lachinayi lililonse, koma kuleza mtima kumene ndinkayenera kukhala nako pofika pano sikunandikwanebe. Dzina loti mayi wachikhristu limandifika m'mapazi ngati diresi la achemwali lija. Amene anandiveka sanandivule.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, zikomo chifukwa cha ana amene mwatibwereka. Amene ali kumsana, amene akukwawa, amene anyamula zikwama m'mawa uno kupita kusukulu m'kuzizira kuno, muwasunge m'njira. Mutikhululukire pamene tawakalipira pa zinthu zimene nthawi yake sinafike. Mutipatse maso ozindikira zoyenera kupinda ndi zoyenera kumasula. Tikumbukiranso amayi ndi abambo amene ana awo akukulira kutali, kwa agogo awo kumudzi kapena kwa achibale, iwo ali ku Joni kapena m'tauni kusaka ndalama ya fizi, akugula zovala moyerekeza ngati Hana. Muwatonthoze. Tikumbukira ndi iwo amene akupemphabe mwana ndi misozi. Mwa dzina la Yesu Khristu, Amen.

Kabudula uja ndamusita m'mawa uno. Ndapondereza ayironi kangapo pamzere paja, ndinawazako ndi madzi, koma mzere sukuchoka, ndiye apita nawo choncho. Mwini wake povala anaima kaye, n'kuyang'ana mawondo ake amene dzulo anali pamtunda koma lero abisikanso pang'ono. Kenako anathamangira kukhonde akukuwa, "Amayi, amayi, kabudula wanga wakula!"

Ndangoti, "Eya, wakula. Idya phala msanga, uchedwa."