Za chikepe chathu ndi amene azichikonza

Zikomo amayi ndi abambo, tiyambepo. Nonse mwamva za sabata yatha, chikepe chinaima pakati pa nsanjika yachitatu ndi yachinayi muli mayi ndi mwana wake, ndiye anyamata ena anathamanga ndi chitsulo kukakanula chitseko. Mtima wawo unali wabwino koma chonde zisachitikenso. Munthu amene ali mkati mwa chikepe choima ali pabwino kuposa amene akukwawa kuti atuluke, chifukwa chikangonyamuka iye ali pakati, kapena akaterereka nkulowa mumpata wapansi uja, ndi maliro amenewo. Dinani belu, dikirani wodziwa. Osakanula chitseko.

Ambirife mantha athu ndi oti chingwe chiduka. Koma zingwe zimakhala zingapo, ndipo kuchokera pomwe Elisha Otis anadulitsa chingwe pamaso pa anthu ku New York mu 1854 iye ali pa chikepecho osagwa, zikepe zili ndi mabuleki oluma njanji chikayamba kugwa. Ine chimandisowetsa tulo ndi chitseko. Chitseko cha pa nsanjika iliyonse chili ndi loko wokhala ndi switchi, ndipo chikepe sichiyenera kusuntha lokoyo asanagwire. Tsono wokonza wosasamala, switchi ikavuta, amangolumikiza kawaya kuti aidumphe, chikepe nkuyenda, ife nkumayamika kuti koma ndi wachangu bamboyu. Kawaya kameneko ndi kamene kamachititsa kuti chitseko chikhale chotsegula chikepe chikuyenda.

(Bambo wina: Nanga amagetsi amene amatikonzera mapampu aja sangathe? Makampaniwa amadula.)

Mwafunsa bwino bambo, ndipo ndikudziwa kuti ambiri muli ndi funso lomwelo mumtima. Amagetsi athuwo ntchito yawo amaidziwa, sindikuwanyoza ayi, koma chikepe si magetsi okha. Muli buleki ya pa injini yofunika kuichuna, muli chida chotchedwa gavana chomwe chimayeza liwiro, muli zingwe zofunika kuziona ngati tiwaya tayamba kuthothoka, komanso bokosi la kompyuta lomwe pa zikepe zina limafuna chida cha kampani yomwe inapanga kuti uwerenge vuto. Nchifukwa chake kuli malamulo ake, ku Ulaya amatsata EN 81, ku America ASME A17.1, ndipo ku Britain lamulo la 1998 limati chikepe chonyamula anthu chiunikidwe bwinobwino miyezi 6 iliyonse. Dziko lililonse lili ndi ake, koma mfundo imene ndikufuna muigwire ndi yoti wokonza ndi woyendera, amene amabwera kudzaunika chikepe, asakhale munthu mmodzi, munthu sadzichongera yekha mayeso. Ndipo ngozi ikachitika, a inshuwalansi ndi a boma amayamba afunsa mwini nyumba kuti mapepala ali kuti, ndiye ife amene. Za kudulazo, werengani kontilakiti kaye, ina yotchipayo ndi yongothira oyilo ndi girisi basi, sipeya aliyense mudzalipira padera, mukaonkhetsa pakutha pa chaka mupeza kuti simunapulumutse kanthu.

Komanso ifeyo tikuononga nawo, tisangoloza okonza. Kachikwangwani kali mkatimo kalembedwa 630 kg, anthu 8, koma posamuka mumalongedza firiji, sofa ndi inu nomwe pamwamba. Ena mumatchinga chitseko ndi phazi mukumaliza macheza. Ndipo amene mumasesa, kangalande kamene chitseko chimayendamo pansipo si kotayiramo fumbi, mukawerama muona timiyala ndi zitsekerero za mabotolo, zimenezo zokha zimaimitsa chikepe. Ana nawo auzeni asamadumphe mkati. Ndipo chikaima, ndabwerezanso, osakanula chitseko.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana mafoni, ndithamange. Kampani iliyonse yofuna ntchitoyi itionetse laisensi ndi inshuwalansi, itiuze nyumba zina zomwe ikusamalira tikafunse okhalamo, ilembe pa pepala kuti munthu akatsekeredwa ifika mu nthawi yaitali bwanji, usiku ndi pa holide pomwe, itsimikize kuti masipeya a chikepe cha mtundu wathu imawapeza. Akabwera alembe m'buku zomwe agwira ndi kusaina, bukulo lizikhala kuno osati m'galimoto mwawo. Belu ndi foni ya mkati tiziyesa tokha pafupipafupi. A komiti mutsale pang'ono tione deti la pa satifiketi ya woyendera.