Makalata a omvera: za mayi uja anabisala m'chimbudzi cha sitima

Moni omvera nonse kulikonse kumene muli. Sabata yatha tinacheza za Martha Gellhorn, mayi wa ku America amene anatola nkhani za nkhondo kwa zaka zoposa 50 komanso kulemba mabuku a nkhani zopeka. Makalata abwera ambiri, ena pa WhatsApp, ena a pamanja ndithu. Ndasankhapo anayi.

Yoyamba yachokera ku Ntcheu, kwa mayi amene asaina kuti "Namwino Wopuma". Akuti: "Achimwene, ndinatsegula wailesi mochedwa chifukwa magetsi anali atazima. Ndinangomva mukunena kuti mayiyo anadzitsekera m'chimbudzi cha sitima ya odwala. Kodi zinachitikadi kapena mumangotiseketsa? Nanga manesi a m'sitimamo sanamuthamangitse?"

Zinachitikadi, Mayi. Munali mu June 1944, pamene asilikali a America, Britain ndi Canada ankawoloka nyanja kuchokera ku England kukamenyana ndi Ajeremani ku Normandy, m'dziko la France. Akuluakulu a asilikali sankalola atolankhani aakazi kupita kumene nkhondo yavuta. Komanso magazini iliyonse inkaloledwa mtolankhani mmodzi yekha kumeneko, ndipo malo a magazini ya Collier's, imene Martha anailembera kuyambira 1937 ali kunkhondo yapachiweniweni ya ku Spain, anali atatengedwa ndi mwamuna wake yemwe. Ngakhale kuchoka ku America kufika ku England anavutika nako. Bamboyo anakwera ndege, mayiyo anakwera sitima ya katundu yodzaza ndi zophulika, masabata oposa awiri ali panyanja.

Ndiye atafika padoko, wopanda chiphaso, anauza msilikali wapachipata kuti akufuna kukacheza ndi manesi. Atalowa, molunjika kuchimbudzi, loko khethe, mpaka anamva kuti sitima yanyamuka. Sitimayo inali yoyera mbee, ya mitanda yofiira, pakati pa mazanamazana a sitima zankhondo zotuwa. Munali mabedi oposa 400, manesi 6 okha. Inu Mayi mukudziwa bwino kuposa ine kuti zikafika pamenepo palibe amafunsa munthu chiphaso. Amangoti gwira apa. Martha ankagawa madzi ndi khofi, kuyatsira fodya anyamata amene manja awo sankagwira, ndiponso kumasulira, pakuti ankamva Chifalansa ndi Chijeremani, ndipo ena mwa ovulalawo anali Ajeremani ogwidwa. Usiku anatsika ndi onyamula machira, kuyenda m'madzi mpaka kumtunda, pagombe limene asilikali ankalitcha Omaha, kukatola ovulala.

Atabwerera ku England anamumanga, kumulanda mapepala ake, n'kumuika kumsasa wa manesi kunja kwa London. Anadutsa pansi pa waya, n'kukapeza ndege ya ku Italy. Nkhondo yotsalayo anaitola choncho, mozemba.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, ya bambo wina wa ku Area 25 ku Lilongwe. "Bambo muulutsi, pulogalamu yonse ija simunatchule kuti ameneyu anali mkazi wa Ernest Hemingway. Munaiwala kapena ndi nsanje?"

Sindinaiwale, Bambo. Ndinachita dala, chifukwa mwiniwakeyo sankafuna n'komwe. Atolankhani akamupempha kucheza naye, ankawauziratu kuti dzina limenelo lisatchulidwe. Koma poti mwafunsa: iye ndi Hemingway, mlembi wotchuka wa mabuku wa ku America, anakumana mu December 1936 m'bala ina ku Key West, ku Florida, anakhalira limodzi ku Madrid mabomba akugwa, anakwatirana mu 1940, banja linatha mu 1945. Mwamuna amene ndanena kuti anamulanda malo ku Collier's ndi yemweyo. Ndipo pa tsiku la Normandy lija Hemingway anaonera ali m'boti, sanaponde pamchenga. Amene anaponda ndi mkazi wake. M'buku lake la maulendo la 1978, pamene akufotokoza za ulendo wawo wa ku China mu 1941, Martha anangomulemba ndi zilembo ziwiri, U.C., kutanthauza mnzake wapaulendo wochita kukokedwa. Mayi ameneyu anabadwa mu 1908, anamwalira mu 1998. Pa zaka 89, banja limenelo linatenga zisanu zokha.

Tsopano kalata imene yandisowetsa tulo. Yalembedwa ndi mtsikana amene akuphunzira za utolankhani ku Blantyre. Akuti: "Ankolo, aphunzitsi athu amati mtolankhani sapeka. Inu mwatiuza kuti mayiyu ankalembanso nkhani zopeka. Ndingadziwe bwanji kuti zimene ankalemba kunkhondo sanazithire mchere? Ineyo ndimalemba nthano zazifupi, ndipo ndimaopa kuti zidzandiwonongera dzina."

Mwana wanga, funso lako lili ndi pogwira, ndipo sindimubisira mayiyu. Mu 1936 nyuzipepala ya ku London ya The Spectator inasindikiza nkhani yake yotchedwa Justice at Night, yofotokoza mmene gulu la azungu linaphera mnyamata wakuda ku Mississippi. Anailemba ngati kuti iye anaima pomwepo akuona. Anthu anaikhulupirira, magazini ena anaisindikizanso. Pambuyo pake anaulula kwa Eleanor Roosevelt, mkazi wa pulezidenti wa America yemwe anali mnzake, kuti sanaone ndi maso ake, anangolumikiza zimene anamva kwa anthu. Kupha anthu akuda kotereku kunkachitikadi kumwera kwa America, zimenezo palibe angatsutse. Koma kulola owerenga kukhulupirira kuti unaona pamene sunaone ndi kulakwa, ndipo ine sindingakuphunzitse zimenezo.

Chimene ndikufuna uone ndi mmene anadzazisiyanitsira ziwirizi atakula. Kumayambiriro kwa May 1945 analowa mumsasa wa Dachau, ku Germany, mmene boma la Nazi la Hitler linkatsekera ndi kuphera anthu, patangotha masiku ochepa asilikali a America atautsegula. Nkhani imene analemba ndi youma gwa: zimene dokotala wa ku Poland, yemwe analinso mkaidi, anamuuza za mmene madokotala a Nazi ankayesera zinthu pa anthu amoyo, mitembo younjikidwa, fungo. Mawu oti Germany yagonja anamupeza ali momwemo. Ukali umene unamutsalira mumtima anakauika kwina, m'buku lopeka la 1948, The Wine of Astonishment, mmene muli msilikali wachiyuda wa ku America amene akuona Dachau, mutu n'kusokonekera. Pamenepo aliyense ankadziwa kuti ndi nthano. Anachitanso chimodzimodzi ndi Czechoslovakia: mu 1938 anatumiza nkhani ku magazini, mu 1940 anatulutsa buku lopeka la anthu othawa Hitler ku Prague.

Komanso usasokoneze kupeka ndi kutenga mbali. Martha ankatenga mbali poyera, ndipo ankanyoza atolankhani amene amadzitama kuti alibe mbali. Kunkhondo ena ankathamangira kwa akuluakulu a asilikali kukafunsa mapu ndi ziwerengero. Iye ankapita kumsika, monga ku Madrid, kukaona amayi ali pamzere wa chakudya, mzinga n'kugwa, ena n'kufa, otsala n'kubwereranso pamzere womwewo chifukwa kunyumba ana akudikira. Khalidwe limeneli analiyamba kwawo komwe, mu 1934, pamene boma la Roosevelt linamutuma kuyendera mabanja osauka nthawi imene chuma cha America chinagwa. Anachotsedwa ntchito imeneyo chifukwa cholimbikitsa anthu ena a ku Idaho, amene ankaberedwa malipiro, kuti akaswe mawindo a ofesi ya boma kuti amvedwe. Mu 1966, ali ndi zaka 57, anapita ku Vietnam m'dzina la nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain. Sanatsate magulu ankhondo. Anayendera zipatala za anthu wamba, nyumba za ana amasiye ndi misasa ya othawa, n'kulemba za ana opsa ndi mabomba amoto a napalm, oponyedwa ndi ndege za dziko lake lomwe. Boma la South Vietnam silinamupatsenso chilolezo cholowa. Ndiye iwe lemba nthano zako, usasiye. Kungoti pamwamba pake pazilembedwa kuti ndi nthano.

Yomaliza yachokera kwa agogo a ku Nsanje, ndipo akuti awalembera ndi mdzukulu wawo. "Ine ndinaona anthu a ku Mozambique akufika kuno nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, mphika pamutu, mwana kumbuyo, miyendo itatupa. Pamene munkanena za mayiyu ndinakumbukira iwowo. Kodi ku Africa kuno anafikako?"

Zikomo Agogo. Zimene munaonazo ndi zomwe mayiyu ankati ndiyo nkhondo yeniyeni, ndipo dziko lathu linasunga anthu otere pafupifupi 1 miliyoni. M'zaka zimenezo iye maso ake anali ku El Salvador ndi Nicaragua. Koma ku Africa anafika. Mu 1962 anayenda yekha kuchokera ku Cameroon mpaka ku East Africa, kenako anakhala ku Kenya kwa zaka zingapo, kufupi ndi Mombasa ndiponso kumapiri a ku Rift Valley. Analembako buku la nthano zitatu, The Weather in Africa. Ndinene mosabisa kuti pano ndi pamene ine ndimakhumudwa naye. Ankakonda mapiri, nyanja ndi nyama, koma pofotokoza za ife anthu akuda nthawi zina ankalankhula monyoza ngati mzungu wina aliyense wa nthawi ya atsamunda. Munthu amene anamvetsa bwino mayi wa pamzere wa chakudya ku Madrid anafika kuno diso lomwelo n'kuchita khungu.

Mdzukulu wanu waonjezera pansi funso lake, lakuti anasiya liti ntchito. Anasiya mochedwa kwambiri. Asilikali a America atalowa m'dziko la Panama kumapeto kwa 1989, iye anapitako ali ndi zaka 81, kuyenda m'makwalala a anthu osauka kufunsa kuti anafa ndi angati. Ulendo wake womaliza wa ntchito unali wa ku Brazil, kukafufuza za kuphedwa kwa ana a m'misewu, maso atayamba kale kufooka moti zimene walemba yekha sankatha kuziwerenga bwino. Anamwalira ku London pa 15 February 1998, akudwala khansa. Chaka chotsatira kunakhazikitsidwa mphotho ya atolankhani ya dzina lake.

Nthawi yatithera. Bambo a ku Mchinji amene munafunsa za nkhondo ya ku Finland ya 1939, kalata yanu ndaisunga, tidzayambira yomweyo sabata yamawa. Agogo a ku Nsanje, mdzukuluyo mumuuze kuti zolemba zake zikuwerengeka bwino, koma asamapinde pepala kanayi.