Napondetsa mapazi anga pathanthwe

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Tiyamike Mulungu amene watisunga, kaya mukuweruka kumene ku ntchito ya usiku, kaya mukukonzekera kutuluka.

Lero tiwerenge Masalimo 40:1-2. "Kuyembekeza ndayembekeza Yehova, ndipo anandilola, namva kufuula kwanga. Ndipo anandikweza kunditulutsa m'dzenje la chitayiko, ndi m'thope la pachithaphwi. Napondetsa mapazi anga pathanthwe, nakhazika mayendedwe anga."

Ndimeyi ndinailoweza ndili mwana ku Sande sukulu, koma thope la pachithaphwi ndinakalidziwira kutali, ndili wamkulu kale, pamwamba pa phiri la The Cheviot, kumpoto kwa England, kufupi ndi malire a Scotland.

Tinapitako Loweruka lina ndi anzanga a kumpingo kuno ku Newcastle. Wotitsogolera anali bambo wina wachikulire, mbadwa ya konkuno, imvi mbuu, amene wakhala akuyenda m'mapiri amenewa chiyambire unyamata wake. Galimoto tinaisiya m'chigwa cha Harthope, kupitirira katawuni ka Wooler, nkuyamba chikweza chodzera pa Scald Hill. Mukangolowa m'phirimo mulibe sitolo, mulibe nyumba. Nkhosa basi, ndi mphepo yosaleka.

Ine ndinakulira ku Phalombe, m'tsinde mwa Mulanje. Atandiuza kuti The Cheviot ndi mamita 815, ndi kuti mu Northumberland yense palibe phiri lolipitirira, mtima wanga unakumbuka Sapitwa wa mamita 3,002, ndipo ndinalibe mantha. Kwathu nsonga ya phiri ndi mwala. Dambo timalidziwa kunsi, kumene timalima madimba ndi kuwokera mpunga. Ndiye ndinkadziwa kuti ndikapirira chikwezachi, pamwamba ndikaima pouma.

Si mmene zinalili. Pamwamba pa The Cheviot ndi potambalala ngati bwalo lalikulu, ndipo ponsepo ndi dambo. Mvula imagwako pafupipafupi, kumazizira, motero ndere ndi udzu zikafa siziwola kwenikweni. Zimangounjikana chaka ndi chaka mpaka kusanduka dothi lakuda bii, lodzaza madzi, limene eni ake amalitcha peat. Dothi limeneli limakwera pafupifupi milimita 1 pachaka, koma pamwamba apo malo ena lafika mamita 2 kuya kwake. Werengani nokha zaka zake. Thanthwe lilipo ndithu pansi pake, mwala wolimba wotsalira pa phiri limene linkaphulika moto kalekale, koma phazi la munthu silingalifike.

Nchifukwa chake oyang'anira malowa anayala miyala yaphanthiphanthi, umodzi pambuyo pa unzake, mpaka kukafika pa chipilala cha oyeza malo chimene chili pansonga. Tisanaponde mwala woyamba, bambo aja anaima natichenjeza: "Pondani pamwala pokha. Ngakhale muuone wamira m'madzi, pondani pomwepo. Ndipo pamene pakuoneka pobiriwira kwambiri, pamenepo mpamene pali pozama."

Tili m'kati moyenda, nkhungu inatsika. Munthu wa patsogolo panga ndinkangomuona ngati chithunzithunzi. Kenaka tinafika pamene miyala iwiri kapena itatu inali itabisika pansi pa madzi akuda ngati khofi. Pambali pake panali kapinga wa ndere wobiriwira bwino, wosalala, wooneka ngati wouma. Maso anga anasankha pobiriwirapo. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwendo wakumanja unalowa mpaka m'ntchafu nthawi imodzi. Kuzizira kwake kunandibaya mpaka m'fupa. Nditayesa kuuzula, ndinatsamira wakumanzere, nawonso unayamba kulowa. Thope limenelo limagwira ngati lili ndi manja: ukakoka, nalo limakoka, ndipo jombo imamveka ikuvuka yokha kuphazi. Ndinafuula. Bambo aja anabwerera msanga, naima pamwala womira uja, madzi akuwafika m'kakolo, nati, "Mayi, musalimbane nalo. Lekani kupalasa. Tsamirani kuno, gwirani ndodoyi." Mlongo wina anawagwira chikwama kumbuyo kuti asagwe. Ndinaona manja awo akunjenjemera ndi ukalamba, misempha ili tototo, koma sanandisiye. Anandikoka pang'onopang'ono, thope likulira, mpaka bondo langa linagunda pamwala.

Abale, onani mmene Davide akuyankhulira. Sakuti ndinadzitulutsa. Akuti anandikweza, napondetsa, nakhazika. Zake iye zinali ziwiri zokha, kuyembekeza ndi kufuula. Kale ndinkayesa kuti kuyembekeza Yehova ndi mawu a anthu amene sanapanikizike kwenikweni. Tsiku limenelo ndinaona kuti m'thope, kupalasa nkomwe kumakumiza. Amene ali m'ngongole amakatenga katapila kuti atseke ngongole yoyamba, mwendo wachiwiri nkulowa. Amene wanama kamodzi amanamanso kuti abise bodza loyambalo. Mphamvu zathu zomwe, zikakhala kuti zilibe popondera, zimatitsitsa.

Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri nchakuti thope limeneli lili pamwamba. Ambirife tinakwera chikweza chachitali: sukulu ya movutikira, mapepala a ulendo, ntchito imene tinaipempherera zaka, banja limene tinalisalira kudya. Tinkati tikangofika, tiponda pouma. Tafika, ndipo tapeza dambo. Lendi yakwera, ana sakumva, m'nyumba simukuyankhulana, thupi latopa ndi mashifiti, ndipo kumudzi foni ikungolira chifukwa iwo akutiona tili pansonga. Munthu wa pansonga amachita manyazi kufuula. Amamira mwakachetechete, akumwetulira pa Facebook. M'bale wanga, mlongo wanga, ngati ndi inu, fuulani. Mulungu anamva kufuula kwa Davide, ndipo Davideyo ndi munthu amene anakhalapo pa mpando wachifumu.

Titakhala pansi pafupi ndi chipilala chija, ine ndikufinya masokosi, bambo aja anandithirira tiyi wotentha wa m'fulasiki, nayamba kundifotokozera za miyalayo. Njira ina yofika kunsongayi ndi nthambi ya Pennine Way, njira ya oyenda pansi ya makilomita oposa 400 yochokera ku Edale kukathera ku Kirk Yetholm, imene inatsegulidwa mu 1965. Miyala yambiri yoyalidwa m'madambo a njira imeneyi sinasemedwe chatsopano. Inazulidwa pansi pa mafakitale akale a nsalu a kumpoto kwa England atatsekedwa ndi kugwetsedwa, ndipo inanyamulidwa pa helikopita kukatsitsidwa m'mapiri. Miyala imene inapondedwa ndi anthu osauka ogwira ntchito yakalavulagaga, miyala ya m'mabwinja, ndiyo lero ikusunga mapazi a anthu kuti asamire.

Nkhani imeneyo inandikumbutsa Yeremiya 38. Mneneri anaponyedwa m'dzenje lopanda madzi, la thope lokhalokha, ndipo Malemba akuti anamira m'thopemo. Akalonga a Yuda ndiwo anamuponyamo, mfumu Zedekiya itawalekerera. Amene anadzuka kukamuchonderera kwa mfumu anali mlendo, Ebedi-Meleki Mkusi, munthu wa ku Africa wotumikira m'nyumba ya mfumu. Ndipo taonani chimene anachita. Asanapite kudzenje anayamba wakatola nsanza ndi zovala zakutha, nazitsitsira kwa Yeremiya pa zingwe, namuuza kuti aziike m'khwapa kuti zingwe zisamucheke pomukoka. Ndime imeneyi imandigwetsa misozi. Munthuyu sanangoganiza zotulutsa mneneri, anaganizanso za khungu lake. Ndipo chimene anagwiritsa ntchito ndi zinthu zoti wina aliyense akanazitaya kudzala.

Ife timayang'ana thandizo la Mulungu kwa anthu ooneka, obiriwira. Nthawi zambiri limabwera ndi gogo wa manja onjenjemera, ndi mlendo amene dzina lake sitilitchula bwino, ndi mayi uja amakhala kumbuyo m'tchalitchi amene banja lake linatha, ndipo chifukwa choti linatha amadziwa pogwira munthu wosweka mtima osamupweteka. Mwina inuyo mumadziona ngati nsanza, kapena mwala wa m'bwinja, kuti zanu zinatha kale. Musafulumire kutero. Pali wina lero amene adzaponda pa zimene munadutsamo, nkuima.

Dambo la pa The Cheviot silinaume chifukwa choti ine ndinamiramo. Potsika linali pomwepo, nkhungu ili chiphimbire, ndipo ndinkaona miyala iwiri kapena itatu yokha patsogolo panga. Titafikanso pamiyala yomira ija, ndinaponda m'madzi akudawo. Madzi analowa m'jombo, ozizira kwambiri, koma pansi panali polimba.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu wa Kumwamba, tikubweretsa kwa Inu abale athu amene adzuka m'mawa uno miyendo ili m'thope: a ngongole, a matenda, a mabanja ogwedezeka, a mapepala amene sakutuluka, ndi aja amene sanauzepo munthu aliyense. Apatseni kulimba mtima kuti afuule, ndipo tcherani khutu. Atumizireni Ebedi-Meleki wawo lero lino. Ndipo ngati ndife amene mukufuna kutituma, tikumbutseni kunyamula nsanza pamodzi ndi chingwe. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu, Ameni.