Makalata a Omvera: Chitsulo Tichinyamule Kangati pa Sabata?

Moni omvera nonse ku Matero, Chawama, Kanyama, Mtendere ndi kulikonse kumene wailesi ikumveka. Makalata a lero akukamba za onyamula zitsulo, makamaka za masiku onyamula ndi masiku opuma. Yoyamba yachokera kwa aphunzitsi a pa jimu ina ku Chilenje.

"Achimwene, ongoyamba kumene timawapatsa masiku atatu: Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Tsiku lililonse skwati (kunyonyomala utasenza chitsulo pamapewa n'kuimiriranso) maseti 3, seti iliyonse kubwereza kasanu. Benchi (kukankha chitsulo utagona chagada) ndi kukankhira chitsulo pamwamba pa mutu zimasinthana masiku, deadlift (kunyamula chitsulo kuchokera pansi mpaka kuima chilili) seti imodzi yolemera. Akakwanitsa maseti onse amawonjezera makilogalamu 2.5, ndiye kuti kapuleti ka 1.25 mbali iliyonse. Koma pakapita miyezi itatu kapena inayi, skwati imaima, kulemera sikukweranso. Ena akuti tiwonjezere tsiku lachinayi, ena akuti tichotse limodzi. Nanga inu mukuti bwanji?"

Zikomo aphunzitsi. Masikuwo musawakhudze kaye. Yambani ndi wotchi: mnyamatayo akupuma nthawi yaitali bwanji pakati pa maseti? Skwati ikalemera, mphindi imodzi siikwanira, pamafunika 3 mpaka 5. Ambiri amene amati aima, vuto lawo ndi mzere wa anzawo odikira chitsulo amene akuwafulumizitsa. Mufunseninso za tulo, chifukwa wogona maola asanu sangafanane ndi wogona 7 kapena 8.

Ngati zonsezi zili bwino koma walephera kulemera komweko maulendo atatu otsatizana, chotsani gawo limodzi mwa magawo khumi. Amene waima pa makilogalamu 80 abwerere pa 72.5, akwerenso ndi 2.5 yomwe ija. Nthawi zambiri akafikanso pa 80 amadutsa, popeza kutopa kumene kunaunjikana kwatha.

Akaimanso kachiwiri, pamenepo ndiye musinthe sabata yake, koma masiku akhale atatu omwewo. Lolemba lolemera, 80. Lachitatu lopepuka, 65, maseti awiri okha. Lachisanu lapakati, 72.5. Kuwonjezera kuzichitika kamodzi pa sabata, Lolemba. Chifukwa chake n'chakuti pamene ankanyamula 40, thupi linkachira m'maola 48, koma 80 imasiya kutopa kumene maola 48 sangakuchotse. Tsiku lachinayi lolemera lingowonjezera ngongole imeneyi. Ndipo pa tsiku lopepukalo muwayang'anitsitse anyamatawo, chifukwa akaona anzawo akuwayang'ana amabera n'kuikapo puleti ina, Lachisanu n'kubwera miyendo ili lende. Kuthamanga sikufika.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi a ku Kalingalinga.

"Kwa munthu amene mpata wake ndi Loweruka ndi Lamlungu basi, masiku awiri ogundizana, thupi lonse lingaphunzitsidwe bwanji popanda kupha msana? Skwati ndi deadlift zonse zimadya m'chiuno."

Mwaona bwino, mayi. Ziwirizo muziike tsiku limodzi. Loweruka skwati maseti 3 kapena 4, kenako deadlift seti imodzi kapena ziwiri. Lamlungu ndi la kumtunda: benchi, kukankhira pamwamba, ndi kudzikoka pa chitsulo chopingasa, zomwe sizilemetsa chiuno. Mukaika skwati Loweruka, deadlift Lamlungu, msana wam'munsi umagwira ntchito yolemera usanachire, ndipo umayamba kupindika ngati uta chitsulo chikangochoka pansi. Masiku awiri pa sabata amakwanira kukulitsa mphamvu, kungoti pang'onopang'ono. Mukapeza theka la ola Lachitatu, skwati yopepuka imathandiza kuti miyendo isamawawe kwambiri Loweruka lililonse. Polemba m'kabuku kulemera kumene mwanyamula, musaiwale kuwerengera ndodo yachitsuloyo: ya amuna ndi makilogalamu 20, ya amayi 15. Ndodo zowotcherera m'komboni zimasiyanasiyana, ndiye muipimitse pa sikelo.

Yachitatu ndi yaifupi, yachokera ku Garden: "Minofu ikamawawa, ndiye kuti tsikulo ndi lopuma?"

Ayi, si nthawi zonse. Ululu wofala m'ntchafu monse, umene umakupangitsani kutsika m'minibasi ngati agogo, umakula pakati pa maola 24 ndi 72 mutanyamula, makamaka mukayamba chinthu chatsopano kapena mukabwerera mutajomba nthawi. Yesani ndi chitsulo chopanda mapuleti, maseti awiri obwereza kakhumi. Ululu ukamachepa thupi likatentha, pitirizani. Mu June ndi July, kukazizira m'mawa, kutenthetsa thupiku kutalikeko.

Umene muyenera kuuopa ndi wobaya malo amodzi, m'bondo, m'phewa kapena m'chigongono, wokula pamene chitsulo chikulemera, kapenanso dzanzi lotsika kuchokera m'chiuno mpaka kumwendo. Pamenepo ikani chitsulo pansi, kaonaneni ndi achipatala. Ndipo ngati minofu yatupa kwambiri, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa minofu yoonongeka kwambiri imatha kuvulaza impso.

Chizindikiro chodalirika cha kutopa chili m'kabuku. Kulemera kumene sabata yatha kunakwera mosavuta lero kukukwera mokwawa, manja akulephera kugwira chitsulo cha deadlift, tulo sakubwera: pumani tsiku lina lowonjezera, kapena sabata yonse munyamule maseti theka la amasiku onse.

Yomaliza yachokera kwa akapitao a omanga nyumba ku Chalala. "Anyamata onyamula matumba a simenti a makilogalamu 50 ndi midadada kuyambira m'mawa, madzulo n'kupita ku zitsulo, tsiku lawo lopuma ndi liti?"

Alibe, akapitao, ndipo vuto ndi limenelo. Msana sudziwa kusiyanitsa thumba la simenti ndi deadlift. Oterewa anyamule kawiri pa sabata, motalikirana, monga Lachitatu ndi Loweruka madzulo, kuti Lamlungu likhale lopumiratu. Deadlift yolemera ikhale kamodzi pa sabata, Loweruka, ndipo sabata yothira konkire aidumphe. Mu October, dzuwa likawaphika tsiku lonse, amwe madzi mokwanira asanagwire chitsulo, ndipo asadabwe ngati manambala atsikako.

Chakudya nachonso chimasintha nthawi yochira. Wonyamula zitsulo wolemera makilogalamu 70 amafunika magalamu a mapuloteni pafupifupi 110 pa tsiku. Dzira limodzi lili ndi 6 okha, choncho nsima ndi ndiwo zamasamba sizingafikitse. Kapenta, nyemba, ma soya, nsawa ndi mkaka zizipezeka pa chakudya chilichonse, osati usiku wokha. Amene wadwala malungo amalize kaye mankhwala ndipo mphamvu zibwerere, kenako ayambire pa theka la kulemera kumene anasiyira, n'kumakwera tsiku lililonse lonyamula. Wojomba sabata ziwiri popanda matenda sataya zambiri: achotse gawo limodzi mwa khumi tsiku loyamba, n'kupitiriza.

Nthawi yatithera. Kalata ya ku Kabwata yofunsa za lamba wa m'chiuno tidzayamba nayo sabata yamawa.