Dzanzi limene ndabwera nalo kuchokera ku Connecticut

Moni abale anga, kulikonse kumene mukumvera. Lero sindikujambulira m'kachipinda kanga ka ku Connecticut, ku America, ayi. Ndili pakhonde pa amayi kuno ku Ngabu, ndabwera kutchuthi cha masabata atatu. Ng'ombe mukuzimva kumbuyokuzo ndi za amalume, zikuchokera kokamwa madzi. Dzuwa la Okutobala inu a m'chigwa cha Shire mukulidziwa, nthaka ikuotcha ngati chiwaya.

Dzulo masana ndinapita kukhola wopanda nsapato, n'kuima pamchenga kucheza ndi amalume. Mwana wa achemwali anga, amene anazolowera kuyenda wopanda nsapato, ankangodumphadumpha kufunafuna mthunzi. Ine osamva kanthu. Madzulo amayi atandiunika ndi tochi ya foni anapeza matuza awiri kuphazi lamanzere, ndi minga ya mthethe italowa pachidendene. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwanawe, kodi sanakuchite chipongwe kumeneko?"

Palibe anandilodza, amayi. Ndi nkhupakupa.

Ine ndakula ndikuzula nkhupakupa ndi zala m'makutu mwa ng'ombe, zonenepa ngati nsatsi, ndipo kudibi ndinkapita ndi ziweto mosaopa chilichonse. Za ku America n'zina. Imene inandilumayo singapose njere ya chitowe. Ntchito yanga uko ndi yotchetcha udzu ndi kusesa masamba panyumba za anthu, ndipo m'masamba onyowawo ndi m'mene zimabisala, zikachoka pa mbewa za m'tchire ndi agwape. Matenda amene nkhupakupazi zimafalitsa amatchedwa Lyme, dzina la katawuni ka ku Connecticut komweko, kumene mu 1975 ana ambiri anapezeka akutupa mawondo. Amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Borrelia, ndipo nthawi zambiri nkhupakupayo imafunika ikhale pathupi kupitirira tsiku lathunthu kuti ikupatsire. Ukaichotsa msanga wapulumuka. Ine sindinaione n'komwe.

Chimandipweteka mtima n'chakuti zithunzi zochenjeza anthu zimaonetsa banga lofiira lozungulira, koma pakhungu la mzungu. Pakhungu langa lakudali, kuseri kwa bondo, panangodera ngati ndadzigunda penapake. Thupi linatentha, mutu waukulu, mafupa kuphwanya. Ndinati ndi malungo wamba, ndinamwa panado n'kupita kuntchito, chifukwa uko tsiku limene sunagwire sulipidwa, ndipo nthawi imeneyo tinkamanganso khoma la nyumba ino limene linagwa ndi namondwe Freddy mu 2023.

Patatha miyezi iwiri dzanzi linayamba kuzala zakumapazi, n'kumakwera mpaka m'akakolo. Masana mapazi ngati a munthu wina. Usiku ndiye kubaya, ngati waponda linthumbu, osagona mpaka mbandakucha. Adokotala anayeza shuga, vitamini B12 ndi HIV, poti zonsezi zimabweretsanso dzanzi, kenako magazi anaonetsa Lyme. Ndinamwa mankhwala opha bakiteriya otchedwa doxycycline masabata atatu. Kutentha thupi kunatha, mphamvu zinabwerera, koma anandiuza mosabisa kuti mtsempha ukavulala umachira pang'onopang'ono, ndipo wina subwereranso mwakale.

Ndiye ndimakhala nalo bwanji? Usiku ndimamwa gabapentin amene anandilembera adokotala, amachepetsa kubayako kuti ndipeze tulo, ngakhale dzanzilo salichotsa. Mowa ndinasiya, umawonjezera kuwononga mitsempha. M'mawa uliwonse ndimayenda theka la ola, mwendo ufune usafune. Madzi osamba ndimayesa ndi chigongono, phazi silingandiuze zoona. Nsapato ndimaikutumula ndisanavale, kuopa kamwala kamene ndingayende nako tsiku lonse osadziwa, ndipo kuno ndikuopanso zinkhanira. Dzulo lija ndinatengeka ndi chimwemwe chofika kwathu, ndinaiwala lamulo langa lomwe, matuza aja ndi zotsatira zake.

Inu achimwene ndi achemwali amene muli kumpoto chakum'mawa kwa America kapena ku Ulaya, makamaka ogwira ntchito zapanja, lowetsani thalauza m'sokosi, ndipo mukaweruka dziyang'aneni m'khwapa, kuseri kwa mawondo, m'chiuno ndi m'tsitsi. Mukapeza nkhupakupa musaiotche ndi machesi kapena kuithira palafini monga tinkachitira kuno. Igwireni ndi kachitsulo kopanira pafupi penipeni ndi khungu, muikoke molunjika, mosapotokola. Thupi likatentha pambuyo pake, uzani adokotala ndi pakamwa panu kuti mumagwira ntchito m'udzu. Nanu a kuno kwathu, dzanzi la m'mapazi musamangolithira mankhwala azitsamba, kayezetseni shuga kuchipatala.

Amayi akundikodola, atereka madzi a mchere oti atsukire bala lija, ndipo akuti nsima ya mapira ikuzizira. Sabata yamawa ndidzajambulira ku Bangula, kumene ndikukaona azakhali. Tsalani bwino.